Ndikufuna kutengera mayi a kunyumba ku Hainan: ndiyambire pati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa mu Lilongwe amene amaoda katundu ku China:

"Ndakhala ndikupita ku Guangzhou kukaoda zipangizo za mafoni kwa zaka 6 tsopano, koma kunena zoona China ndimangomudziwira m'misika basi. Chaka chino ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 20 tili pabanja, ndipo iwowa ndege sanakwerepo. Mnzanga wa Chitchaina amene amanditumizira katundu akuti ndiwatengere ku Hainan, ati ndi chilumba chotentha cha magombe okongola, komanso ati sikufunika viza. Kodi n'zoona? Kuli chiyani choti munthu wakwathu kuno, amene Salima ndi Mangochi amazidziwa kale, angakaone? Tipite mwezi uti, ndipo tichite bwanji kuti tisakaberedwe? Sindife olemera, koma ulendowu ndausungira."

Achimwene, choyamba ndikuthokozeni m'malo mwa alamu anga. Pa anthu ambirimbiri amene ndawakonzerapo maulendo a ku China pa zaka zoposa 10 zapitazi, ochepa kwambiri ndiwo anaganizapo zotenga akazi awo kuti akaone kumene ndalama ya pakhomo imachokera. Mtima ukhale pansi, gawo lovuta la ulendowu mumalidziwa kale. Njira ya ku Addis Ababa mwaiyenda, Guangzhou mumafika ngati kwanu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Hainan ndi ndege ya ola limodzi ndi theka, kuchepera ulendo wa pabasi wochoka ku Lilongwe kupita ku Ntcheu.

Tiyambe ndi viza, chifukwa apa mnzanuyo wanena zoona theka. Mu 2018 boma la China linalola nzika za mayiko 59 kulowa ku Hainan popanda viza, koma pa mndandanda umenewo panalibe dziko ngakhale limodzi la mu Africa. Mnzanuyo wangomva nkhani ya alendo a ku Ulaya ndi ku America n'kuganiza kuti ikukhudza aliyense. Inu ndi mayi mudzafuna viza yochokera ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe. Yanu ya malonda ija ndi yokwanira, chifukwa mukalowa ku Guangzhou, ulendo wa ku Hainan umakhala wa m'dziko momwemo, palibenso chidindo china. Mayi apemphe ya alendo okaona malo, ndipo pamenepo amafuna kuona matikiti opita ndi obwerera komanso umboni wa mahotela amene mudzagone. Tengani setifiketi ya ukwati, imathandiza kufotokoza chifukwa chomwe mukuyendera limodzi. Malamulo a viza amasinthasintha, choncho mufunse ku ofesiko musanalipire tikiti iliyonse yosabwezeka. Ndipo muwerenge masiku amene akupatsani: kupitirira ndi chindapusa cha 500 yuan tsiku lililonse, kuphatikizapo mbiri yoipa imene idzavutitse bizinesi yanu pa ulendo wotsatira.

Hainan yemweyo ndi chiyani? Ndi chilumba cha kummwera kwenikweni kwa China, cholekanitsidwa ndi chigawo cha Guangdong, kumene kuli Guangzhou, ndi kamtsinje ka nyanja ka Qiongzhou, kotambalala makilomita pafupifupi 30. Chinali mbali ya Guangdong mpaka 1988 pamene chinakhala chigawo chodziimira pachokha. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 34,000, kutanthauza kuti chikuposa pang'ono nyanja yathu ya Malawi yonse, ndipo pamakhala anthu oposa 10 miliyoni. Musaganize za Likoma kapena Chizumulu ayi. Likulu lake ndi Haikou, kumpoto. Koma kumene mnzanuyo akunena, kwa magombe ndi mitengo ya kokonati, ndi Sanya, kumapeto a kummwera. Pakati pali mapiri ndi nkhalango.

Funso lanu lofunika kuposa onse ndi la mwezi, ndipo ndikhalapo pang'ono, chifukwa anthu amene anabwerako akudandaula, pafupifupi onse analakwitsa mwezi, osati malo.

Chilumbachi chili m'njira ya anamondwe ochokera ku nyanja ya Pacific. Mvula imayamba cha mu Meyi n'kufika mu Okutobala, ndipo anamondwe amalimba kuyambira Julaye mpaka Okutobala. Ife amene tinaona Freddy sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Pa 6 Seputembala 2024 namondwe wotchedwa Yagi anagwera ku Wenchang, kumpoto chakummawa kwa chilumbachi, n'kuzula mitengo, kudula magetsi ndi kuimitsa ndege ndi zombo zonse. Ngakhale namondwe wamng'ono amatseketsa magombe ndi maboti opita ku tizilumba kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pa ulendo wa masiku asanu ndiye kuti mwangolipirira kukhala m'chipinda. Miyezi imeneyi mahotela amatsika mtengo, n'zoona, koma walira mvula walira matope.

Mbali ina ya vutoli ndi khamu. Kumpoto kwa China kukamagwa chipale, Sanya amakhala akutentha madigiri 20 ndi kupitirira, ndiye dziko lonse limathamangira kumeneko. Agogo a ku Harbin ndi madera ena ozizira amabwera kudzakhala miyezi yathunthu, mpaka eni ake amawatcha mbalame zosamuka. Chimake cha zonse ndi Chaka Chatsopano cha Atchaina, chomwe chimagwa kumapeto a Januwale kapena mu Febuluwale. Chipinda chomwecho chimakwera kawiri, katatu, nthawi zina kuposa apo, ndipo tikiti yotulukira pachilumba imasowa. Inu mukudziwa kale kuti nyengo imeneyo misika ya ku Guangzhou imakhala yotseka, choncho palibe chimene mungapindule. Pewaninso sabata yoyamba ya Okutobala ndi masiku oyambirira a Meyi, ndi tchuthi cha dziko lonse.

Ine ndingakusankhireni Novembala. Chionetsero cha malonda cha ku Guangzhou, cha Canton Fair, chimatha m'masiku oyambirira a mweziwo, mvula imakhala ikutha, nyanja ikadali yofunda, mitengo isanapenge. Malizani kaye zooda, katundu alowe m'manja mwa okutumizirani, kenako munyamuke ndi kachikwama kamodzi ndi mutu wopepuka. Ngati Novembala sakutheka, Malichi ndi wabwinonso, malinga Chaka Chatsopano chitadutsa. Mayi asamangokhala m'chipinda ku Guangzhou masiku 10 inu muli pa mitengo ya ma charger. Ngati n'kotheka fupikitsani masiku a bizinesi ulendo uno.

Tsopano funso lija lakuti munthu wodziwa Salima angakaonenji. Ndikuuzeni mosabisa: ngati mukupitira mchenga ndi madzi basi, mukabwera mukunena kuti Cape Maclear ndi Chintheche palibe chowaposa, ndipo simudzakhala mukunama. Madzi athu ndi oyera, ndi abata, salowa mchere m'maso. Atchaina amachita kukomoka ndi Sanya chifukwa ambiri a iwo gombe lotere alibe. Inu muli nalo. Chimene Hainan angakupatseni chomwe kwathu kulibe ndi china: sitima yothamanga yozungulira chilumba chonse, fano lalitali ngati nyumba ya nsanjika 30 litaima m'nyanja, nkhalango yamvula, mtundu wa anthu a Li ndi nsalu zawo, malo oulutsira zombo za mumlengalenga, ndi zakudya. Gombe likhale pokapumulira madzulo, osati cholinga cha ulendo.

Komabe pogona ndi pagombe, ndiye tisankhe. Sanya ali ndi magombe akuluakulu anayi. Yalong Bay ndiye wokongola kuposa onse, mchenga woyera wa makilomita oposa 7, koma mahotela ake ndi a anthu a matumba olemera ndipo chakudya chotsika mtengo chili kutali. Haitang Bay ndi watsopano, n'kumene kuli hotela yotchuka ya Atlantis yomwe inatsegulidwa mu 2018, koma mafunde ake ndi aukali ndipo m'malo ambiri salola kusambira. Sanya Bay ali pafupi ndi bwalo la ndege la Phoenix, ndi wotchipa, dzuwa limalowa mokongola, koma madzi ake si oyera kwenikweni. Kwa inu ndinganene Dadonghai: ali m'tauni momwemo, mungasambe, malo odyera ndi mabasi zili pakhomo, ndipo mahotela alipo a mitengo yonse. Musadabwe kuona zikwangwani za Chirasha paliponse, anthu a ku Russia anapakonda kalekale. Ubwino wake ngwakuti ogwira ntchito kumeneko anazolowera alendo akunja. Ngati thumba lilola, gonani usiku umodzi wotsiriza ku Yalong Bay kuti alamu akhale ndi chokasimba ku kwaya.

Pobuka hotela, gwiritsani ntchito tsamba la pa intaneti la Trip.com ndipo muonetsetse kuti hotelayo imalandira anthu a mapasipoti akunja. Mu 2024 boma linalamula kuti mahotela asamakane alendo akunja, koma timahotela ting'onoting'ono tina timachitabe mantha ndi makalata a kupolisi. Zinandichitikirapo ineyo usiku wina m'katauni ka kummawa kwa chilumbachi, mtsikana wa pa kauntala atangoona pasipoti yanga n'kuyamba kupukusa mutu, ine chikwama chili kumsana. Tinakapeza pena, koma si zinthu zoti zichitike muli ndi mayi. Mukagona kwa mnzanu m'malo mwa hotela, lamulo likuti mukalembetse kupolisi pasanathe maola 24.

Nyanja ya mchere si nyanja yathu, ndipo izi mundimvere. Madzi amaphwa ndi kudzaza tsiku lililonse, ndipo pali mikuku ina yosaoneka imene imakokera munthu kuya ngakhale pamwamba pakuoneka bata. Mbendera yofiira ikakhala pagombe musalowe, kaya munakulira ku Nkhata Bay. Mukamva kuti madzi akukukokani, musalimbane nawo molunjika kumtunda. Sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutuluke mu mkukuwo. Nthawi yotentha kumakhalanso tizilombo tina tonga thovu toyandama tomwe timaotcha khungu. Ndipo dzuwa la kumeneko limawamba ngakhale ife akuda, makamaka m'mapewa ndi pamphuno.

Kumadzulo kwa Sanya, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kuli Nanshan. Kumeneko ndiko kuli fano la Guanyin la mamita 108, loyera, la nkhope zitatu, loimikidwa pa kachilumba kochita kumanga m'nyanja ndipo linatsegulidwa mu 2005. Ndi malo a chipembedzo cha Chibuda, anthu amafukiza lubani ndi kugwada. Inu palibe amene adzakukakamizeni kutero, ndipo wina akakupatsani lubani kapena kachithumwa n'kunena kuti ndi mphatso, mungokana mwaulemu, chifukwa mphatsoyo imathera pa kauntala. Ndaperekezapo abusa kumeneko, anangoyenda n'kujambula, chikumbumtima chili mbee. Valani zofika m'maondo.

Pa msewu womwewo pali Tianya Haijiao, dzina lotanthauza malekezero a thambo ndi ngodya ya nyanja. Mukafika mudzaona miyala ikuluikulu pagombe, yolembedwa zilembo zofiira, n'kufunsa kuti basi zomwezi? Kwa ife miyala yotere ili mbwee ku Nkhudzi ndi ku Monkey Bay. Koma kwa Mtchaina malowa ali ndi mbiri. Kale mafumu a ku China akakwiya ndi nduna, ankaithamangitsira ku Hainan, kumene kunkaonedwa ngati kumathero a dziko, kwa malungo ndi kosabwererako. Mlakatuli wotchuka Su Dongpo anakhala ku Danzhou kuyambira 1097 mpaka 1100 atapirikitsidwa chotero, ndipo sukulu ya dzina lake ikadalipo. Lero tanthauzo linatembenuka: okwatirana amapita kukalonjezana kuti adzatsatana mpaka kumalekezero a dziko. Umodzi mwa miyalayo unali pa ndalama yakale ya pepala ya 2 yuan. Maola awiri akukwanani.

Za kachilumba ka Wuzhizhou, komwe aliyense adzakuuzani kuti mupite, maganizo anga ndi apakati. Madzi ake ndi oyera zedi ndipo boti limatenga mphindi pafupifupi 20. Koma chilichonse kumeneko ndi ndalama, mizere ndi yaitali, ndipo omiza alendo pansi pa madzi amadziwa kuwonjezera mtengo wa zithunzi munthu ali kale m'zovala zosambira. Munthu amene anaonapo mbuna ku Thumbi akhoza kulumpha osataya kanthu.

Tsiku limodzi lathunthu mulipereke kumapiri. Eni nthaka a Hainan ndi anthu a mtundu wa Li, amene analipo Atchaina a kumtunda asanafike, ndipo pali a Miao amene anabwera pambuyo. Ku Baoting, kosakwana ola limodzi kuchoka ku Sanya, kuli mudzi wa chionetsero wa Binglanggu. N'zoona kuti ndi wokonzera alendo, magule ake ndi a pa nthawi yoikika, koma agogo aakazi amene amaluka nsalu kumeneko ndi enieni. Amakhala pansi, miyendo yotambasula, choluka chomangirira m'chiuno, ndipo ena okalamba kwambiri ali ndi mphini kumaso ndi m'miyendo monga ankachitira agogo athu. Luso lawo lopota thonje, kunyika ndi kuluka linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2009. Amayi onse amene ndinapita nawo kumeneko anakanirira pamenepo, ndipo ndikukhulupirira kuti alamu nawonso mudzachita kuwakoka. Chapafupi pali nkhalango ya Yanoda, ya tinjira tokonzedwa bwino, yoyenera munthu amene safuna kukwera phiri lenileni. Wofuna phiri apite ku Wuzhishan, Phiri la Zala Zisanu, la mamita 1,867. Ndi lalifupi poyerekeza ndi Sapitwa, koma ndi lonyowa, loterera, ndipo lili ndi misundu. Nkhalango za pakati pa chilumbachi zinakhala malo otetezedwa a dziko mu 2021, ndipo ku Bawangling ndiko kwatsala anyani a manja ataliatali otchedwa Hainan gibbon, osakwana 50 padziko lonse. Musayembekezere kuwaona.

Kenako sitima. Njanji ya sitima yothamanga imazungulira chilumba chonse, makilomita 653. Mbali ya kummawa inatsegulidwa mu 2010, ya kumadzulo mu 2015. Kuchoka ku Sanya kufika ku Haikou kudzera kummawa ndi maola osakwana awiri pa sitima zofulumira, ndipo tikiti ya anthu wamba ili cha m'ma 100 yuan kapena kupitirirapo pang'ono. Mumagula ndi pasipoti, ndipo pasipotiyo ndiyo tikiti yanu pachipata, choncho isachoke m'thumba. Langizo langa ndi lakuti mutsikire ndege ku Sanya, mudzakwerere ya kubwerera ku Haikou pa bwalo la Meilan, kuti njanjiyi muiyende kamodzi mukuima m'njira. Ku Lingshui kuli chilumba cha anyani cha Nanwan, komwe mumawoloka pa kangolo kolendewera pa chingwe mukuona pansi midzi ya asodzi yoyandama pamadzi. Anyaniwo ndi akuba ngati a ku Zomba, musanyamule jumbo m'manja. Ku Wanning kuli Xinglong, komwe Atchaina obwerera kuchokera ku Indonesia, Malaysia ndi mayiko oyandikira anakhazikika m'zaka za m'ma 1950 n'kuyamba kulima khofi. Ku Boao ndi kumene kumachitikira msonkhano waukulu wa zachuma wa mayiko a ku Asia, womwe unakhazikitsidwa mu 2001. Pokhapokha ngati mumakonda kujambulitsa pa nyumba za misonkhano, pitirirani.

Wenchang ndiye wapadera. Kumeneko, pafupi ndi katauni ka Longlou, kuli malo oulutsira maroketi amene anayamba kugwira ntchito mu 2016. Chombo cha Tianwen-1 chopita ku Mars ndi cha Chang'e 5 chokatenga dothi kumwezi zonse zinanyamukira pamenepo mu 2020. Ikakhala kuti roketi ikunyamuka, anthu amadzaza pagombe kuonerera kwaulere. Masiku ake amalengezedwa mochedwa ndipo amasuntha, choncho musamange ulendo pa zimenezi, koma mufunse mukafika. Mwayi ukakugwerani, zina zonse zisiyeni.

Haikou mumupatse tsiku limodzi. Yendani m'misewu yakale ya Qilou, ya nyumba za makonde omangidwa ndi amalonda obwerera kuchokera kunja zaka pafupifupi 100 zapitazo. Zidzakukumbutsani mashopu akale a amwenye ku Limbe, kungoti izi ndi zokongoletsedwa. Khalani pa malo a tiyi amene amawatcha laobacha, tiyi wa madala, komwe abambo amatha tsiku lonse pa kapu imodzi akukambirana manambala a lotale. Kunja kwa mzinda kuli phiri lakale lophulika lomwe mungatsikire m'chigwa chake. M'miyezi yozizira Haikou amagwidwa chifunga ndi kamphepo konga chiperoni, tengani juzi imodzi.

Pali njira ina yofikira pachilumbachi imene ndimaikonda ine: sitima ya usiku yochoka ku Guangzhou, imene ikafika kunyanja amaidula zidutswa n'kuilowetsa m'chombo, anthu muli momwemo. Ndi zodabwitsa, koma powoloka mumatentha ndipo ulendo ndi wautali. Kwa munthu amene wangotsika kumene ndege ya maola ambiri, iyayi.

Pa zakudya, mayi asaope. Mpunga ulipo paliponse, ndipo chakudya chotchuka kuposa zonse ndi nkhuku ya ku Wenchang, yowiritsa, yodyera mpunga wophikidwa mu msuzi wake. Imakoma ngati ya lokolo, kungoti amaisiya yofiirira pafupa. Mukafuna yopsa kwambiri nenani. Pali bakha wa ku Jiaji, mbuzi ya ku Dongshan ndi nkhanu za ku Hele, zinayi zimenezi ndizo amanyadira. Yesaninso nkhuku yophika m'madzi a kokonati patebulo pomwepo, ndi qingbuliang, chozizira cha mkaka wa kokonati chosakaniza nyemba ndi zipatso, chomwe amadya usiku. Mango, nanazi ndi kokonati n'zotchipa. Ngati ndinu Asilamu, kufupi ndi bwalo la ndege la Sanya kuli midzi ya Huihui ndi Huixin ya Asilamu a komweko, ili ndi mizikiti ndi malo odyera a halaal. Mukaona malovu ofiira pansi musaganize kuti ndi magazi, ndi mtedza wa binlang umene amatafuna. Wina akakupatsani, kanani. Umazunguza mutu ndipo umayambitsa khansa ya m'kamwa.

Kuberedwa kumene mukuopa kumachitikira malo atatu. Oyamba ndi pa nsomba ndi nkhanu. Sanya anatchuka moipa pa nkhani imeneyi mu 2012, alendo atadandaula kuti amalipiritsidwa ndalama zoopsa pa mbale imodzi, ndipo mu 2015 mzindawu unakhazikitsa apolisi oona za alendo. Zinthu zinasintha, koma chizolowezi sichifa. Njira yake imakhala iyi: mwangoloza nsomba m'thanki kufunsa mtengo, mnyamata waivuula kale n'kuimenya pansi, basi yagulidwa. Choncho musaloze chala. Funsani mtengo ulembedwe pa foni, ndipo mudziwe kuti amawerengera pa jin, yomwe ndi theka la kilogalamu, osati pa kilogalamu kapena pa nsomba. Onani sikelo ndi maso anu, madzi akhetsedwe m'jumbo. Anthu ambiri amagula okha ku msika wa Diyi Shichang n'kupereka ku malo ophikira apafupi, kumene amalipira zophikitsa zokha. Inu ndinu wamalonda, kutsitsa mtengo simuphunzitsidwa.

Achiwiri ndi madalaivala amene amati ndikudziwa malo abwino odyera. Amalandira yawo pa mutu uliwonse umene abweretsa, ndipo yawoyo imachokera m'mbale yanu. Itanani galimoto pa pulogalamu ya pafoni ya Didi, mtengo umaonekeratu. Achitatu ndi maulendo a gulu otchipa modabwitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: theka la tsiku mudzalithera m'mashopu a ngale, tiyi ndi mankhwala azitsamba, chitseko chotseka, wokuyendetsani atakwinya nkhope mpaka mugule. Ndipo musagule chilichonse chopangidwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja, matanthwe a korali kapena nkhono zikuluzikulu zija. Ndi zoletsedwa, ndipo pa bwalo la ndege wovutika ndinu, osati wogulitsa.

Monga wamalonda mudzamva za mashopu opanda msonkho, makamaka lalikulu la ku Haitang Bay. Kuyambira Julaye 2020 munthu wochoka pachilumbachi amaloledwa kugula katundu wofika 100,000 yuan pachaka. Ndikudziwa kumene maganizo anu athamangira, ndiye ndikuimitseni. Katunduyo ndi wa mafuta onunkhira, zodzola, mawotchi ndi zikwama za maina, ndipo ndi wogwiritsa ntchito mwini. Wogwidwa akugulira ena kapena kugulitsanso amaletsedwa kugula kwa zaka 3, ndipo nkhani ikakula imasanduka mlandu wozembetsa katundu. Anthu ena amapempha alendo kuti abwereke pasipoti yawo kugulira, n'kulonjeza kangachepe. Musayerekeze. Gulirani mayi botolo limodzi la perefyumu, mutuluke.

Za ndalama mukuzidziwa kuposa ine, ndi mmene foleksi ikuvutira kwathu kuno yambani kupempha kubanki msanga. Alipay ndi WeChat Pay, njira zolipirira pa foni, tsopano zimalola kulumikiza khadi la Visa kapena Mastercard lakunja, koma makhadi athu amakana nthawi zina chifukwa cha malire a banki, ndiye muyesere mukadali ku Guangzhou ndipo musunge ma yuan a pamanja. Chimene amuna ambiri amaiwala ndi foni ya mayi. WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya ku China, ndipo mayi amene sangathe kulankhula ndi ana masiku 10 sadzasangalala ndi gombe lililonse. Konzani zimenezi musananyamuke, muwaikirenso WeChat ndi pulogalamu yomasulira, ana kunyumba akhale nayonso WeChat. China ali patsogolo ndi maola 6, choncho nthawi yabwino yoimba ndi usiku wa kumeneko. M'chikwama chawo mukhale khadi la hotela la zilembo za Chitchaina. Muwachenjezenso kuti kunja kwa Sanya anthu adzawayang'anitsitsa, ena kupempha kujambula nawo, ena kufuna kugwira tsitsi. Kawirikawiri ndi chidwi chabe, koma ali ndi ufulu wokana.

Pomaliza, thanzi, ndipo apa pali kankhani kamene ndimakonda kuuza anthu akwathu. Hainan anali dera la malungo oopsa, ndipo kumeneko ndiko Tu Youyou, mayi amene analandira mphotho ya Nobel mu 2015, anakayesera mu 1972 mankhwala ochokera ku chitsamba cha qinghao. LA amene timalandira m'zipatala zathu ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo. Lero malungo kulibe. Bungwe la WHO linalengeza mu 2021 kuti China yathana nawo. Koma zimenezi zili ndi msampha wake kwa inu. Mukhoza kunyamuka ndi malungo m'thupi kuchokera ku Lilongwe, n'kudzatuluka muli ku Sanya, kumene dokotala wachinyamata mwina sanawaonepo. Wina wa inu akatentha thupi, musadikire kuti mwina ndi kutopa: pitani ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo munene momveka, ngakhale pa foni yomasulira, kuti mwachokera ku Africa ndipo mukufuna kuyezedwa malungo. Udzudzu wa kumeneko umatha kupatsa matenda a dengue, choncho mafuta othamangitsa udzudzu musawasiye.

Ngati mayi ali ndi BP, shuga, kapena anatupapo miyendo, akaonane ndi dokotala milungu ingapo ulendo usanafike, chifukwa kuchoka ku Addis Ababa kufika ku Guangzhou ndi maola pafupifupi 10 munthu ali chokhala. Mankhwala awo akhale m'mapaketi ake enieni pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo mufunse za khadi lachikasu la katemera poti mukudzera ku Ethiopia. Gulani inshuwalansi ya paulendo. Zipatala za kumeneko zimafuna ndalama patsogolo. Manambala oti musunge ndi 110 ya apolisi, 120 ya ambulansi, ndi 12345 yodandaulira mukaona kuti mwaberedwa pa malonda. Sungani lisiti ndi chithunzi cha sikelo, ndipo wa pa hotela akuthandizeni kuimba. Pasipoti ikatayika, kanenani kupolisi kaye kuti akupatseni kalata, kenako mulumikizane ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Beijing. Zithunzi za mapasipoti ndi maviza onse awiri zikhale m'mafoni onse awiri.

Tsiku lenileni lokumbukira ukwati wanulo, ngati lidzakupezani ku Sanya, kwerani phiri la Luhuitou cha m'ma 5 koloko madzulo. Kuchokera ku Dadonghai ndi mphindi zochepa pa galimoto. Dzinali limatanthauza gwape wacheuka. A Li amasimba kuti mlenje wina anathamangitsa gwape kuchokera ku Wuzhishan mpaka pa phompho limeneli, pomwe kutsogolo kunali nyanja yokha. Atakoka uta, gwapeyo anacheuka n'kusanduka namwali, ndipo mlenje anaponya uta pansi n'kumanga naye banja. Pamwamba pali chosema cha gwape, mlenje ndi namwaliyo, ndipo mzinda wonse ndi magombe ake zimaoneka pansi magetsi akamayaka. Nthanoyo muwasimbire nokha alamu, musasiyire wotanthauzira.